Mtsinje wa Lena ukayamba kusungunuka

Ambiri timaganiza kuti anthu a ku Siberia amavutika kwambiri kuzizira kukafika pachimake. Ine ndimawadera nkhawa kwambiri m'mwezi wa Meyi, dzuwa likayamba kuwomba ndipo chipale chofewa chikusungunuka.

Vuto lagona pa kumene mitsinje yawo imalowera. Lena, Yenisei ndi Ob imachokera kummwera n'kukathira m'nyanja ya Arctic kumpoto. Kummwera n'kumene kumayamba kufunda, ndiye madzi amatsika ochuluka pamene kumunsi kwa mtsinje ayezi akadali gwa, kwina wokhuthala kuposa mita imodzi. Madziwo amaswa ayezi uja, zibenthu zikuluzikulu n'kumatengedwa. Zikafika pamene mtsinje wakhota kapena wapanikizika, zimaunjikana n'kutseka njira. Madzi amatha kukwera mamita angapo m'maola ochepa chabe, mvula osagwa n'komwe. Nthaka nayo sithandiza, poti pansi pake ndi poundana chaka chonse ndipo madzi salowa.

Mu Meyi 2001 tauni ya Lensk inamira motere, mpaka boma la Russia linatumiza ndege zankhondo kukaphulitsa ayezi ndi mabomba. Ku Alaska, mtsinje wa Yukon unasefukira chimodzimodzi ku Galena mu 2013.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi mayendedwe. M'nyengo yozizira magalimoto amayenda pamwamba pa mtsinje woundana. Ayezi akafooka msewuwo amautseka, komanso mabwato sangayende mpaka zibenthu zija zitadutsa. Kwa milungu ingapo, munthu wa kumidzi yakutali akadwala mwakayakaya amangodalira ndege basi, ngati nyengo yalola.