Kusiya nchito ya madizaini ndi kuyamba kujambula zocokera mumtima

Mu mzinda wa Livingstone, munthu amene ali ndi luso la kujambula ali ndi pogwira pambiri. Malo ogona alendo amafuna zikwangwani, makampani operekeza alendo ku mathithi a Mosi-oa-Tunya amafuna zizindikiro ndi timabuku tolengeza maulendo ao, ndipo pa msika wa Mukuni Park pamagulitsidwa zithunzi za njovu, mikango ndi mathithi.

Koma wojambula wina amafika pomadzifunsa ngati kuli kwanzeru kusiya nchito yolipidwa yotereyi kuti ayambe kujambula zithunzi zimene sizionetsa munthu, nyama kapena malo, zimene pa Cingelezi zimachedwa abstract. Funsoli ndi lalikulu cifukwa limakhudza cakudya ca pa nyumba, lendi ndi ndalama za sukulu za ana.

Kusiyana kwa nchito ziwirizi

Wokonza madizaini amagwira nchito ya mwini wake. Kasitomala ndiye amanena uthenga, mitundu, kukula kwa cikwangwani ndi tsiku loti nchito ithe. Dizaini yabwino ndi imene aliyense amaimva mofanana ndipo mwamsanga.

Citsanzo cimene tonse timacidziwa ndi mbendera ya dziko lino, imene inakonzedwa ndi malemu Gabriel Ellison ndipo inakwezedwa mu 1964. Mtundu uliwonse unapatsidwa tanthauzo lake: wobiriwira ukuimira nthaka ndi zomera, wofiira nkhondo yomenyera ufulu, wakuda anthu a dziko lino, ndipo wa olenji cuma ca m'migodi.

Wojambula zocokera mumtima amayamba alibe uthenga wokonzeratu. Amapaka mtundu woyamba pa nsalu, amauyang'ana, ndipo mtunduwo ndiwo umamuuza coikapo caciwiri. Amafuta, kupala ndi kupakanso mpaka ataona kuti cithunzi cakhazikika. Sikuti amangomwaza penti. Amafunikabe kudziwa mitundu imene imagwirizana, poika colemera ndi posiya mpata, zimene wokonza madizaini amazidziwa kale. Cimene amayenera kuphunzira mwatsopano ndico kugwira nchito popanda womuuza kuti apa nchito yatha.

Kodi ndi luso lacilendo?

Mabuku a mbiri ya zojambula amachula Hilma af Klint wa ku Sweden, amene anayamba kujambula zotere mu 1906, ndi Wassily Kandinsky wa ku Russia, amene anasiya nchito ya zamalamulo mu 1896 ali ndi zaka 30 napita ku Munich kukaphunzira kujambula. Ici ndico cimacititsa ena kuganiza kuti zithunzi zotere ndi za Azungu.

Komatu pa matanthwe a ku Mwela pafupi ndi Kasama, ndi a ku Thandwe ndi Katolola m'cigawo ca Kum'mawa, pali mizere, madontho ndi timizere tozungulira tofiira tojambulidwa kale kwambiri. Ku Chongoni m'dziko la Malawi kuli malo 127 a zojambula za pa miyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse mu 2006. Zambiri mwa zofiirazo amati zinajambulidwa ndi Abatwa, amene Acewa amawachula kuti Akafula. Conco kulankhula ndi mizere m'malo mwa nkhope kunalipo kuno azungu asanafike.

M'nthawi ya ufulu, dzina lodziwika kwambiri ndi la malemu Henry Tayali, amene anabadwira ku Serenje mu 1943 namwalira mu 1987. A Tayali anaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Düsseldorf m'dziko la Germany. Zithunzi zao zoyamba zinali kuonetsa anthu momveka bwino, koma m'kupita kwa zaka makamu a anthu amene anali kuwajambula anayamba kusungunuka n'kusanduka mizere ndi mitundu. Iwowa ndiwo anapanga ciboliboli ca The Graduate pa University of Zambia, ndipo nyumba yoonetsera zojambula ya ku Showgrounds mu Lusaka imachedwa ndi dzina lao.

Mtengo wa cisankho

Mbiri ya Willem de Kooning imaonetsa bwino kutalika kwa ulendowu. Iye anabadwira ku Rotterdam mu 1904, ndipo ali ndi zaka 12 analowa nchito pa kampani yokonza zokongoletsa ndi zithunzi zamalonda. Atafika ku America mu 1926, anali kupenta nyumba, kulemba zikwangwani ndi kukongoletsa mawindo a masitolo. Ca m'ma 1935 anayamba kuika mtima wonse pa zithunzi zake, koma cionetsero cake coyamba ca iye yekha cinacitika mu 1948. Zithunzi zambiri za pa cionetseroco zinali zakuda ndi zoyera, zojambulidwa ndi penti wochipa wopakira nyumba. Kuchuka kunabwera pambuyo pa zaka zambiri za usiwa.

Ku Livingstone vutoli lili ndi mbali ina. Mlendo amene wakhala masiku awiri kapena atatu kawirikawiri amafuna cinthu comukumbutsa mathithi, conyamulika m'cikwama ndiponso cosakwera mtengo. Cithunzi cosaonetsa mathithi cimafuna wogula wodekha, amene angaime ndi kuciyang'anitsitsa. Komanso malonda odalira alendo sakhazikika. Mu 2020, pamene matenda a Covid-19 anaimitsa maulendo, onse odalira alendo mumzindawu anavutika, kuyambira osema ziboliboli mpaka olemba zikwangwani.

Palinso nkhani ya zipangizo. Wokonza madizaini pa kompyuta akalakwitsa amangofuta. Wojambula ndi penti amawononga nsalu ndi penti pa kuyesa kulikonse, ndipo pa luso limeneli kuyesa ndiko nchito yeniyeniyo.

Pogwira pamene palipo

Ngakhale zili tero, wojambula wa ku Livingstone sali yekha. Mu 2013 mzindawu, pamodzi ndi tauni ya Victoria Falls ya ku Zimbabwe, unalandira msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona za alendo odzaona malo, ndipo mu 2014 boma linatsegula nyumba yoonetsera zojambula ya Livingstone Art Gallery.

Bambo Lawrence Yombwe ndi Amai Agness Buya Yombwe, amene anaphunzitsapo zojambula m'masukulu kufikira ku Botswana, anakhazikitsa malo ao a Wayi Wayi mumzinda womwewu. Nchito yao yambiri imacokera ku mbusa, zizindikiro zimene Abemba amaphunzitsira a cinamwali ndi olowa m'banja. Njira yao ikuonetsa kuti munthu angacoke pa nchito yolembedwa ndi kuima pa luso lake, ndiponso kuti zizindikiro za makolo zingakhale ciyambi ca zithunzi zatsopano.

Amai Anawana Haloba, obadwira ku Livingstone mu 1978, amene anaphunzira pa Evelyn Hone College mu Lusaka ndi ku Oslo m'dziko la Norway, anathandiza kukhazikitsa Livingstone Office for Contemporary Art, malo ophunzirira ndi kukambirana za luso lamakono. Nayo Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, imasunga zinthu zakale zimene wojambula angatengeko nzeru.

Zoyenera kuganizira

Mbiri za anthu amenewa zikusonyeza zinthu zitatu. Coyamba, palibe amene anasintha tsiku limodzi, ndipo ndi bwino kusunga makasitomala ocepa pamene zithunzi zatsopano zikuculuka. Caciwiri, cithunzi cimodzi sicikwanira. Oyang'anira zionetsero amafuna kuona zithunzi zingapo zosonyeza kuti wojambula ali ndi njira yakeyake. Cacitatu, luso la madizaini silitayika, cifukwa ndilo limathandiza kukonza timabuku ta cionetsero ndi kulengeza nchito pa intaneti kwa ogula akutali.

Nafenso oonerera tili ndi mbali yathu. Tikamva ng'oma ya vimbuza kapena kulira kwa kalimba sitifunsa kuti mau ake akufanana ndi nyama iti. Timangomvetsera mpaka atatigwira mtima. Cithunzi cotere naconso cimafuna kuti munthu aime kwa mphindi zingapo, aone mtundu umene ukulamulira ndi kumene mizere ikupita. Ojambula a ku Livingstone amene asankha njira imeneyi adzatha kukhala ndi moyo pa luso lao pokhapo ngati masukulu, mahotela, maofesi ndi mabanja a m'dziko lino adzayamba kugula nchito zao, osasiyira alendo okha.