Kulipila ndiwo zisanabyalidwe: mmene mabanja amagwilizanilana ndi mlimi

Mlimi wa matimati amagula mbeu, manyowa ndi mankhwala ndi ndalama zake, nthawi zina za nkhongole. Amathilila pafupifupi miyezi itatu. Akakolola amakweza mabokosi kupita nawo ku Soweto Market mu Lusaka, ndipo akapeza kuti matimati aculuka tsikulo, mtengo umagwa. Kubwelela nawo kumudzi sangathe cifukwa amaola msanga. Ife ogula timakondwela ndi kuchipa, koma citayiko conse cimagwela mlimi yekha.

Pali kacitidwe kena kamene m'Cingelezi amakacha Community Supported Agriculture. Mabanja angapo, tinene 30, amapangana ndi mlimi mmodzi. Banja lililonse limalipila gawo lake nyengo yolima isanayambe, ndipo ndalamazo ndiye zimagula mbeu ndi kulipila anchito. Ndiwo zikakhwima, mlimi amazigawa mofanana mlungu uliwonse, mabanja n'kumakatenga pamalo amodzi amene anagwilizana.

Ku Japan mgwilizano wotele umachedwa teikei, ndipo unakula m'zaka za m'ma 1970, pamene azimayi ambili anayamba kuda nkhawa ndi mankhwala a m'zakudya. Ku America, mafamu awili oyamba otele anayamba mu 1986: Indian Line Farm ku Massachusetts ndi Temple-Wilton Community Farm ku New Hampshire.

Apa m'pamene tiyenela kumvetsetsa, abale ndi alongo. Simugula mitolo yowelengeka. Mugula gawo la zimene dimba litulutse. Caka cikayenda bwino, thumba limadzaza mpaka kugawilako anansi. Nsabwe zikagwila repu kapena citsime cikauma, thumba limapepuka, ndipo ndalama sizibwezedwa. Taganizilani caka ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Mlimi wokhala ndi mabanja 30 kumbuyo kwake sakanasenza yekha citayiko cija. Munthu amene sangapilile thumba lopepuka ndi bwino asalowemo, cifukwa adzangodana ndi mlimi pacabe.

Cina n'cakuti simusankha. Mumadya za nyengo yake: repu ndi kabici m'miyezi yozizila ya June ndi July, cibwabwa, bondwe ndi delele mvula ikagwa. Ana amadandaula akaona ndiwo imodzimodzi milungu itatu, zimenezo n'zoona. Koma masamba othyoledwa m'mawa momwemo amakoma mosiyana ndi amene agona pa thebulo la pamsika, ndipo otsala mukhoza kufutsa monga amacitila agogo athu.

Ofuna kuyesa ayambe ndi mabanja ocepa ndi mlimi wapafupi, amene dimba lake angapite kukaliona ndi maso. Pangano lilembedwe papepala: ndalama zingati, milungu ingati, tsiku lotenga ndiwo, ndi zocita ngati banja lina silinabwele kudzatenga gawo lake. Osakwanitsa kulipila zonse pakamodzi angapangane zolipila kawili kapena katatu, malinga gawo loyamba lifike mlimi asanagule mbeu.