Malipiro a ogwira ntchito m'boma: zoyenera kuululidwa ndi zomwe zili chinsinsi cha mwini wake

SALIMA: Chiyambire kugwira ntchito kwa lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma pa 30 Sepitembala 2020, mkulu wa ofesi iliyonse akuyenera kukhala ndi yankho pa funso lakuti kodi nzika ikafuna kudziwa malipiro a wogwira ntchito m'boma iuzidwe zonse, iuzidwe zina, kapena ibwezedwe chimanjamanja.

Funsoli silikhudza maofesi a ku Capital Hill okha. Ku Lifuwu, m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima, kuli malo a boma ochitirako kafukufuku wa mpunga, chipatala chaching'ono komanso sukulu. Akatswiri a kafukufuku, alangizi, anamwino, aphunzitsi ndi alonda a kumeneko amalipidwa kuchokera ku misonkho ya anthu. Komabe ogwira ntchitowa amakhala pakati pa alimi ndi asodzi omwe amawadziwa maina, nyumba ndi abale awo, kotero kuti nkhani ya m'thumba mwa mmodzi wa iwo ikaululika ingathe kufika kumsika ndi kudoko dzuwa lisanalowe.

Malamulo oyendetsera dziko lino a m'chaka cha 1994 amateteza mbali zonse ziwiri. Gawo 37 limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza uthenga womwe boma kapena nthambi zake zikusunga, pomwe gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu payekha. Palibe gawo lomwe limafafaniza linzake, ndipo ntchito ya ofesi ya boma ndi kulemekeza onse awiri.

Lamulo la Access to Information, lomwe nyumba ya malamulo inavomereza mu Disembala 2016 ndipo Pulezidenti Peter Mutharika analisaina mu Febuluwale 2017, limalamula nthambi iliyonse ya boma kukhala ndi ofisala woyankha omwe apempha uthenga. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira kuti lamuloli likutsatidwa. Koma lamulo lomweli limalola ofesi kukana kupereka uthenga wokhudza moyo wa munthu wina payekha. M'chaka cha 2024 kunabweranso lamulo la Data Protection, lomwe linapatsa bungwe la MACRA udindo woona kuti mbiri za anthu zikusungidwa ndi kugwiritsidwa ntchito moyenera.

Njira yogwirizanitsira malamulowa imaonekera pa kapepala ka malipiro komwe wogwira ntchito amalandira mwezi ndi mwezi. Kapepalaka kali ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ndalama ya udindo: giredi ya ntchito, malipiro a girediyo ndi ma alawansi omwe amayendera limodzi ndi udindowo. Ndalama imeneyi siitsata dzina la munthu, chifukwa aliyense wokhala pa mpandowo amalandira molingana ndi ndondomeko yomweyo. Nthambi ya Human Resource Management and Development imalengeza ndondomekoyi kudzera m'makalata opita ku maunduna, ndipo mabungwe a ogwira ntchito monga Civil Servants Trade Union ndi Teachers Union of Malawi amaigwiritsa ntchito pokambirana ndi boma. Palibe chifukwa choibisira kwa okhoma misonkho.

Mbali yachiwiri ndi zomwe zimachitika ndalamayo ikakhala ya mwini wake: ngongole za kubanki kapena za ku SACCO zomwe zimadulidwa pa malipiro, ndalama yothandizira ana yomwe khoti lalamula, nambala ya akaunti komanso ndalama yotsala yomwe munthu amapita nayo kunyumba. Izi siziuza nzika chilichonse chokhudza momwe boma likugwiritsira ntchito misonkho, koma zingathe kuika wogwira ntchito pa chiopsezo cha akatapila, akuba a pa foni ndi mikangano ya m'banja.

Mbiri ya dziko lino ikusonyeza chifukwa chomwe mbali yoyamba siyenera kubisidwira. Nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma yotchedwa Cashgate inayamba kuululika mu Sepitembala 2013 pomwe ogwira ntchito ena a maudindo aang'ono anapezeka ndi ndalama zankhaninkhani m'galimoto ndi m'nyumba zawo. Anthu anazindikira msanga kuti pali chinyengo chifukwa malipiro a maudindo amenewo ankadziwika, ndipo sankagwirizana ndi chuma chomwe chinapezekacho. Lipoti loyamba la kampani yofufuza za chuma ya Baker Tilly, lomwe linatuluka mu Febuluwale 2014, silinatchule maina, zomwe zinadzetsa madandaulo aakulu, mpaka boma linatulutsa mainawo chakumapeto kwa chaka chomwecho.

Ma alawansi nawo akhala gwero la mafunso. M'chaka cha 2021, kutamveka kuti mbali ina ya K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi mliri wa Covid-19 sinagwiritsidwe ntchito moyenera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analamula wachiwiri wake, malemu Saulos Chilima, kuti atsogolere gulu lounikanso ma alawansi, magulidwe a katundu wa boma ndi mapangano a ntchito. Lipoti la gululi linaperekedwa mu Meyi chaka chomwecho, koma boma silinalitulutse kwa anthu pa nthawiyo ngakhale mabungwe omwe si aboma anapempha. Zimenezi zinaonetsa kuti chomwe anthu amafunitsitsa kudziwa ndi mlingo wa ma alawansi, omwe amawavomereza komanso ndalama zonse zomwe ofesi yawononga.

Vuto la ogwira ntchito ongopeka, omwe maina awo amapezeka pa mndandanda wa malipiro koma eni ake kulibe, limafuna kuti maina afufuzidwe. Koma kufufuzako ndi ntchito ya ofesi ya Auditor General ndi ya kalembera wa ogwira ntchito, poyerekeza mndandandawo ndi ziphaso za unzika zomwe nthambi ya National Registration Bureau inayamba kulembera anthu ambiri m'chaka cha 2017. Anthu a m'dera angathe kuthandiza popanda kuona kapepala ka malipiro ka munthu aliyense. Komiti ya sukulu kapena ya chipatala ku Lifuwu ikadziwa chiwerengero cha aphunzitsi kapena anamwino omwe boma linatumiza pa malowo, ingathe kuona yokha ngati onsewo alipodi.

Malamulo a dziko lino amasonyezanso kuti udindo ukamakula chinsinsi chimachepa. Magawo 88A ndi 213 a malamulo oyendetsera dziko amalamula pulezidenti, nduna, aphungu ndi akuluakulu ena kuulula chuma chawo. Lamulo la m'chaka cha 2013 lokhudza kuulula katundu, ngongole ndi mabizinesi linakhazikitsa ofesi ya Director of Public Officers' Declarations, komwe nzika ingathe kupempha kuona zomwe akuluakuluwa analemba. Chifukwa chake n'chakuti iwowa ndi omwe amasaina makontirakiti ndi kuvomereza ndalama, mphamvu zomwe mlonda kapena wotumikira m'chipatala alibe.

Maiko ena anatsata njira yofananako. M'chigawo cha Ontario ku Canada, lamulo la m'chaka cha 1996 limalamula kuti maina ndi malipiro a ogwira ntchito m'boma azilengezedwa chaka chilichonse, koma okhawo olandira madola a dzikolo 100,000 kapena kuposera apo pa chaka. Ku Norway, komwe zomwe munthu amapeza ndi msonkho wake zimaonedwa ndi aliyense, boma linakonza m'chaka cha 2014 kuti mwini wake azidziwa yemwe wafufuza za iye. Khoti lalikulu la maiko a European Union linagamula m'chaka cha 2003, pa mlandu wochokera ku Austria, kuti kulengeza maina pamodzi ndi malipiro n'kololedwa pokhapokha ngati kuli kofunikadi poteteza chuma cha boma.

Kwa ofisala wolandira pempho ku likulu la unduna, ku khonsolo ya Salima kapena pa malo a kafukufuku a Lifuwu, izi zikutanthauza kuti pempho lokhudza malipiro siliyenera kukanidwa lonse chifukwa chakuti muli mbali ina yachinsinsi. Magiredi, malipiro a giredi iliyonse, milingo ya ma alawansi, chiwerengero cha maudindo ndi ndalama zonse zomwe ofesi yalipira zingathe kuperekedwa, pomwe ngongole, maakaunti ndi za umoyo wa munthu zimachotsedwa. Pa malo aang'ono pomwe udindo wina uli ndi munthu mmodzi yekha, kutchula giredi n'chimodzimodzi kutchula munthuyo, ndipo pamenepa m'pofunika kusamala kuti chopitirira malipiro a girediyo chisatuluke.

Ofesi ikakana mbali ina ya pempho iyenera kufotokoza chifukwa chake, ndipo wopempha yemwe sanakhutire ali ndi mwayi wokadandaula ku Malawi Human Rights Commission kapena ku khoti.