Masewera Owerenga Pagulu

Pali masewera ena amene safuna mpira, bwalo kapena ndarama, koma anthu okha okhala mozungulira. Woyamba anena 1, nachula cinthu coona ca nambala imeneyo. Womtsata anena 2 ndi cinthu cace, ndipo apitirira motero kufikira atazungulira onse, nabwereranso kwa woyamba uja. Munthu akacedwa kufikira anzace ataomba m'manja kasanu, kapena akanena cabodza, aturuka. Wotsala yekha ndiye wapambana. Ana a sukulu akhoza kusewera, ngakhalenso akulu pa ulendo wautali wa basi.

Poyamba zonse ziyenda bwino, pakuti manambala ang'ono ali ndi nkhani zambiri. Pa 3 wina akumbuka mafua a pamoto, ndipo wacikulire akumbuka tiki, kandarama kaja ka makobiri atatu. Pa 6 pali miyendo ya udzudzu, pa 7 masiku a sabata, pa 11 anyamata a timu ya mpira. Pa 8 mpamene pabuka makani, cifukwa ambiri ayesa kuti kangaude ali ndi miyendo 6 monga nyerere, pamene iye ali nayo 8. Makani otere ndiwo akometsa masewerawa, koma pafunika woweruza wosankhidwa masewera asanayambe. Popanda iye, wa mau okweza aposa wodziwa zoona, ndipo ena apita kwao atasenza bodza pamodzi ndi mkwiyo.

Pamene gulu liri la mitundu yosiyana, monga m'makomboni a ku Lusaka ndi a ku Migodi, maina eni ace a manambala asanduka nkhani. M'Cinyanja 6 ndiyo zisanu ndi cimodzi, 7 zisanu ndi ziwiri, ndiko kuti dzanja lina latha ndipo wowerenga wayamba zala za dzanja linzace. Abemba acita mwina: 7 aicha cinelubali, kunena zinai mbali imodzi, 8 aicha cinekonsekonse, zinai uku ndi uku, 9 ndiyo pabula, pakuti pasowa cimodzi kuti khumi likwane. Nakonso nkuwerenga kwa pa zala, koma zalazo zagawidwa mwa njira yina.

Nambala 12 ndi yolemera: iri ndi miyezi ya caka, ndiponso makobiri amene anali kupanga sileni imodzi kufikira caka ca 1968, pamene Zambia anayamba kwacha ndi ngwee. Nayo 24 iri ndi maola a usana ndi usiku, ndi tsiku lija la ufulu, 24 October 1964. 32 iri ndi mano a munthu wamkulu ndi maenje a bawo. Nanga wogwidwa ndi 17, 19 kapena 23 adzanena ciani? Apa mpamene agwa amene adalira kukumbukira kokha, natsala odziwa masamu. Wodziwayo anena kuti mbuzi 17 sizigawika mofanana kwa ana awiri, atatu kapena anai, koma kwa mwana mmodzi kapena ana 17 basi. Ndipo Euclid, Mgriki wakale, anaonetsa zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti manambala osagawika otere alibe malekezero. Pa 28 anena kuti manambala ang'ono onse oigawa bwino, ndiwo 1, 2, 4, 7 ndi 14, akaphatikizidwa abala 28 yemweyo, monga 1, 2 ndi 3 abala 6. Pa 27 kapena 36 aonetsa kuti zilembo zace ziwiri zikaphatikizidwa zibala 9. Woweruza wanzeru salola cifukwa cimodzi kuchulidwa kawiri usiku womwewo, kuti waulesi angabisale m'nzeru za mnzace.

Kodi ilipo nambala yopanda nkhani konse? Srinivasa Ramanujan, katswiri wa masamu wa ku India, anadwala ali ku England, ndipo bwenzi lace G. H. Hardy wa ku Cambridge anadza kudzamzonda pa galimoto yolipira ya nambala 1729. Hardy anaiyesa nambala yacabe, koma wodwalayo anakana pomwepo. Pakuti 12 × 12 × 12 ndiyo 1,728, ndipo poonjezapo 1 × 1 × 1 ikwana 1,729. Momwemonso 10 × 10 × 10 ndiyo 1,000, ndipo poonjezapo 9 × 9 × 9, ndiyo 729, ikwananso 1,729. Palibe nambala yocepa kuposa iyi imene ipangika mwa njira ziwiri zotere. Ramanujan anamwalira m'caka ca 1920 ali ndi zaka 32 zokha, kotero kuti wogwidwa ndi 32, ngati mano ndi bawo zinachulidwa kale m'masewera a dzulo, akhoza kupulumuka ndi dzina la munthu ameneyu.