Kampani ikagwa, galimoto yamagetsi imasanduka yamasiye

Mu June 2024, kampani ya Fisker ya ku California idapita kukhoti kukavomera kuti yalephera kubweza ngongole zake. Akatswiri a zamalonda sadadabwe chifukwa zizindikiro zidali zitaoneka kale. Amene adagwira njakata ndi anthu zikwi zingapo a ku America ndi ku Ulaya omwe adali atagula Fisker Ocean, galimoto yoyendera magetsi yochititsa kaso, imene inkapangidwa m'fakitale ya Magna Steyr mumzinda wa Graz ku Austria. Kutatsala miyezi itatu kuti kampaniyo igwe, mtengo wa Ocean Extreme udatsitsidwa kuchoka pa madola 61,499 kufika pa 37,499. Amene adagula galimotoyi pamtengo wakale adangodzuka tsiku lina chuma chawo chitatsika ndi madola 24,000, galimoto ili chiimikireni pakhomo.

Zimene zidatsatira n'zomwe zidapweteka kwambiri. M'galimoto yotere zinthu zambiri zimayendera pulogalamu ya kompyuta: kutsegula zitseko, kuyang'anira batire, ngakhale kagwiridwe ka mabuleki. Pulogalamu ikavuta, woikonza ndi amene adailemba, ndipo amene adailembawo adali atachotsedwa ntchito. Masipeya adasowa. Eni galimotozo adachita kupanga bungwe lawolawo, Fisker Owners Association, kuti azisakira limodzi zipangizo komanso akatswiri. Kwa Henrik Fisker, mwini dzinalo, aka kadali kachiwiri, pakuti kampani yake ina ya galimoto idagwanso mu 2013.

Fisker siili yokha. Lordstown Motors idagwa mu 2023, Arrival ya ku Britain mu 2024, Canoo mu January 2025. Ku China, WM Motor itapita kukhoti mu October 2023, anthu ambiri amene adagula galimoto zake adadandaula kuti pulogalamu ya pafoni yolumikizirana ndi galimotozo yasiya kugwira ntchito.

Pofika apa wina akhoza kunena kuti nkhani yatha, munthu wanzeru agule kwa Toyota, Volkswagen kapena General Motors, makampani amene akhalapo zaka zoposa 80. Mbiri ya zaka zapitazi ikukana kuti tiweruze mlanduwu mofulumira chotero. Luso limene akalewa adasonkhanitsa m'zaka zonsezi ndi la injini ya petulo ndi dizilo. M'galimoto yamagetsi zofunika kwambiri ndi batire ndi pulogalamu, ndipo pa ziwirizi nawonso adayamba ali ophunzira.

Pofika August 2021, General Motors idali itaitanitsa ma Chevrolet Bolt onse amene idapangapo, pafupifupi 140,000, chifukwa mabatire ake, opangidwa ndi LG ya ku South Korea, ankatha kubuka moto. Eni ake adauzidwa kuti aziimika galimotozo panja zikamaliza kutchaja, ndipo asamazisiye zikutchaja m'nyumba usiku. Chaka chomwecho Hyundai idaitanitsa galimoto pafupifupi 82,000, zambiri mwa izo za mtundu wa Kona, pa vuto longa lomweli. Toyota, imene dzina lake limalemekezedwa dziko lonse pa nkhani ya kulimba, idatulutsa galimoto yamagetsi ya bZ4X mu 2022, koma mu June chaka chomwecho idapempha anthu kuti aleke kuiyendetsa. Mabauti a mawilo ankamasuka, mwakuti wilo likadatha kuchoka galimoto ili paulendo. Volkswagen nayo idayamba kupereka ID.3 kwa ogula mu 2020 mapulogalamu ena a m'galimotomo asanamalizidwe.

Komabe taonani mmene nkhani ya Bolt idathera. Ntchito yokonza vutolo idadya ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni, LG idavomera kulipira gawo lalikulu, ndipo eni galimoto ambiri adasinthiridwa batire osatulutsa khobidi. Mwini Bolt adali ndi khomo loti akagogode, ndipo kuseri kwa khomolo kudali ndalama. Mwini Ocean adalibe. Kwa ine, kusiyana kwenikweni kwa makampani atsopano ndi akale kwagona pamenepa, osati pa liwiro la galimoto kapena kukula kwa sikirini ya kutsogolo kwa dalaivala.

Kupanga galimoto zamagetsi kumadya ndalama zoopsa phindu lisanaoneke. Nthambi ya Ford yoona za galimoto zamagetsi idaluza madola 4.7 biliyoni mu 2023 ndi 5.1 biliyoni mu 2024, koma kampani yonse idapangabe phindu zaka ziwirizo chifukwa cha mapikiapu ndi mavani a petulo ndi dizilo amene imagulitsa mwaunyinji. Kampani yatsopano ya Rivian idaluza madola 5.4 biliyoni mu 2023 itagulitsa galimoto pafupifupi 50,000, ndipo ilibe galimoto ya petulo yoti iikwirire dzenjelo. Lucid, yatsopanonso, idaluza 2.8 biliyoni chaka chomwecho itapereka galimoto pafupifupi 6,000 zokha. Ikuyendabe chifukwa thumba la boma la Saudi Arabia, Public Investment Fund, ndilo lili ndi masheya ambiri m'kampaniyo. Galimoto za Rivian ndi Lucid zimayamikiridwa ndi akatswiri ozifufuza, ndipo palibe amene akunena kuti n'zoipa. Koma wogula ayenera kudziwa kuti moyo wa makampaniwa udakadalira anthu ena kupitiriza kuthiramo ndalama.

Kungakhale kulakwa kwakukulu kuika atsopano onse m'gulu limodzi. Tesla idayamba mu 2003, idatulutsa Model S mu 2012, ndipo mu 2023 Model Y idagulidwa kuposa galimoto ina iliyonse padziko lapansi, kuposa ngakhale Corolla ndi RAV4 za Toyota. Ndiyo idazoloweretsa anthu kuti galimoto ikhoza kukonzedwa kudzera pa intaneti. Mu December 2023, akuluakulu oona za chitetezo pamsewu ku America atapeza vuto pa Autopilot, pulogalamu ya Tesla yothandiza kuyendetsa galimoto, galimoto pafupifupi 2 miliyoni zidalandira pulogalamu yatsopano zili pakhomo pa eni ake, osapita kugalaja. Malo otchajira a Tesla adakhala odalirika kotero kuti mu 2023 Ford ndi General Motors adavomera kuyamba kugwiritsa ntchito pulagi ya Tesla ku North America.

Nkhani ya BYD ndi yochititsa chidwi kwambiri, ndipo ndi imene ikutiyandikira ife a kuno ku Africa. Wang Chuanfu adayambitsa kampaniyi mu 1995 mumzinda wa Shenzhen ngati yopanga mabatire a mafoni. Idalowa m'malonda a galimoto mu 2003 itagula kafakitale kena ku Xi'an, ndipo mu 2008 kampani ya Warren Buffett idagula pafupifupi 10 peresenti ya masheya ake. Choncho pamene ena onse ankathamangira kukagula mabatire kwa anzawo, BYD idali ikupanga akeake kwa zaka zambiri. Batire lake la Blade, lomwe lidatuluka mu 2020, ndi la mtundu wa LFP: mulibe cobalt kapena nickel, ndi lotsika mtengo, silibuka moto msanga ndipo limapirira kutchajidwa kambirimbiri, ngakhale limalemera kuposa ena ofika mtunda wofanana. Mu March 2022 BYD idasiyiratu kupanga galimoto zoyendera petulo yekha, ndipo mu 2024 idagulitsa galimoto zoposa 4.2 miliyoni, kuphatikizapo zoyendera zonse ziwiri, magetsi ndi petulo. Kampani yotere sitingaiyike pamodzi ndi Fisker.

Akalewo adaona okha kuti atsalira. Volkswagen idagula pafupifupi 5 peresenti ya Xpeng ya ku China mu 2023, kenaka mu 2024 idalonjeza kuika ndalama zofika madola 5.8 biliyoni mu mgwirizano wake ndi Rivian pofuna luso la mapulogalamu. Stellantis, mwini wa Peugeot, Fiat ndi Jeep, idagula gawo la Leapmotor. M'zaka zikubwerazi munthu azigula galimoto ya dzina lakale koma zam'kati zili za watsopano.

Ngakhale kugula kwa kampani yolimba kuli ndi minga yake. Mu January 2023 Tesla idatsitsa mitengo ku America, galimoto zina ndi 20 peresenti, ndipo mitengo ya zogwiritsidwapo kale ntchito idatsika nayo. Kampani yobwereketsa galimoto ya Hertz idalengeza mu January 2024 kuti igulitsa galimoto zake zamagetsi 20,000, ponena kuti kuzikonza zikachita ngozi kukudula. Kafukufuku wa bungwe la Consumer Reports wa mu 2023 adapeza kuti galimoto zamagetsi zidali ndi mavuto ochuluka ndi 79 peresenti kuposa za petulo, pamene ma hybrid wamba, oyendera petulo mothandizidwa ndi magetsi, adali ndi mavuto ochepa ndi 26 peresenti. Chaka chotsatira kusiyana kwa zamagetsi ndi za petulo kudatsika kufika pa 42 peresenti, kusonyeza kuti onse akuphunzira, koma sadafike.

Nanga izi zikutikhudza bwanji kuno kwathu? Amene adagonapo pamzere wa mafuta mu 2022 kapena 2024 sangalephere kuiganizira galimoto yosafuna petulo. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo safuna ndalama zakunja ngati mafuta. Koma tikukumbukiranso kuti namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Wogula galimoto yamagetsi kuno ayenera kuganizira za kuzimazima kwa magetsi asanaganizire za mtundu wa penti.

Chachikulu n'chakuti ambiri mwa ife sitigula galimoto yatsopano m'shopu. Timaitanitsa yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan, n'kuitsitsira padoko la Dar es Salaam, kulowa nayo pa Songwe. Galimoto yamagetsi yotsika mtengo pamsika umenewu kawirikawiri imakhala Nissan Leaf, yomwe idayamba kugulitsidwa mu December 2010. Dzina ndi lakale, lodziwika, koma batire la ma Leaf akalewa silizizidwa ndi madzi monga amachitira a Tesla. Mu 2012 anthu a ku Phoenix m'chigawo chotentha cha Arizona adadandaula kuti mabatire awo akutha mphamvu msanga, ndipo wokhala ku Chikwawa, Salima kapena Karonga ayenera kuimvetsetsa nkhani imeneyi. Leaf yoyambirira, ya batire la 24 kWh, inkayenda makilomita pafupifupi 117 ili yatsopano, malinga ndi muyeso wa boma la America. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre ndi makilomita oposa 300. Ya zaka khumi siingafikenso pa 117 paja. Pa dashibodi ya Leaf pali timizere 12 tosonyeza thanzi la batire, ndipo wogulitsa amene akukana kukutumizirani chithunzi cha timizereto musamupatse ndalama zanu.

Palinso nkhani ya pulagi, imene ambiri amaidziwa galimoto itafika kale. Zochokera ku Japan zimatchajira mwachangu pa CHAdeMO, zopangidwira msika wa m'China pa GB/T, pamene ku Ulaya ndi ku South Africa amagwiritsa ntchito kwambiri CCS2. Galimoto yopangidwira anthu a m'China imabweranso chiwongolero chili kumanzere. Chitsimikizo cha batire, chomwe makampani ambiri amapereka kwa zaka 8 kapena makilomita 160,000, nthawi zambiri sichiwoloka nyanja ndi galimoto yoitanitsidwa mwa njira imeneyi.

Amakaniko athu a ku Biwi kapena ku Ndirande amatha kuphwasula injini ya Sienta n'kuimanganso tsiku lomwelo, ndipo masipeya ake ali mbwee. Batire la galimoto yamagetsi lili ndi mavoti pafupifupi 400, okwanira kupha munthu, ndipo kulitsegula kumafuna maphunziro ndi zida zapadera. Apa dzina lakale silikuthandizani kwenikweni ngati woimira kampaniyo m'dziko muno sadabweretsepo mtundu wa galimoto umene mwagulawo. Dzina latsopano nalonso limasiyana: BYD idayamba kugulitsa Atto 3 ku South Africa mu 2023, pamene pofika 2024 Tesla idali isanatsegule malo ogulitsira galimoto m'dziko lililonse la kum'mwera kwa Africa.

Ine ndikuona kuti kwa wogula wa kuno zaka za kampani zilibe ntchito kwenikweni. Gulani mtundu wa galimoto umene wagulitsidwa mwaunyinji m'maiko ambiri, wa kampani imene ikupanga phindu, ndipo musanalipire dziwani dzina la galaja imene idzatsegule batirelo likavuta komanso dziko limene sipeya yake idzachokere. Wogulitsa akalephera kuyankha mafunso awiriwa, yambani mwagula hybrid, ndipo yamagetsiyo idikire kaye.