Mpikisano wa Akavalo wa Angelezi ndi Aairishi

Lero tisiye pang'ono za mizere ndi manyowa, tikambe za masewera a kutali amene ambiri a inu simunawaone. Musati nkhaniyi njacabe, pakuti mudzamva kuti ngakhale liwiro licitikira pabwalo, kupambana kwace kuyambira kukhola ndi kubusa.

Inu a ku Bembeke mulima kacewere, amene ena pamsika amchula kuti "airishi". Dzinali licokera ku Ireland, cisumbu ca kumadzulo kwa Mangalande. Anthu a kumeneko anadalira mbeu imeneyi kotero kuti pamene inagwidwa ndi ciwau m'caka ca 1845 ndi zaka zotsatira, anthu ngati 1,000,000 anafa ndi njala, ena ambiri nathawira kumaiko ena. Masiku amenewo Ireland anali pansi pa Boma la Angelezi, ndipo Aairishi sanaiwale kuti cithandizo cinacepa. Anamenyana nkhondo kuyambira 1919 kufikira 1921, ndipo m'caka ca 1922 cigawo cacikuru ca dzikolo cinayamba kudzilamulira. Tanena izi kuti mudziwe kuti mitundu iwiriyi siinayambe ndi kuseka ai. Koma tsopano caka ndi caka ikomana pa mpikisano wa akavalo, kunyozana ndi kusekana, ndipo madzulo onse akamwera m'nyumba imodzi. Nkofanana ndi cimbuya ca Angoni a kwa Mpezeni ndi Abemba ku Zambia: makolo analasana ndi mikondo, adzukulu alasana ndi mau okha.

Kuno kwathu kavalo ndi nyama yosowa. Kucigwa amuletsa ndi kashembe, ndipo palinso nthenda ina ya akavalo imene ifala ndi tizirombo touluka usiku m'nyengo ya mvula. Koma funsani akuru a m'mudzi mwanu amene anagwira nchito ku Halale kapena ku Joni, adzakuuzani za mabwalo a Borrowdale ndi Turffontein. Kumeneko akavalo athamanga pabwalo losalala. Mpikisano umene tikukambawu ngwosiyana: kavalo athamanga mtunda wautali nalumpha mipanda ya timitengo yofika m'cifuwa mwa munthu wamkuru, ali ndi munthu pamsana. Mbiri imati masewerawa anayamba ku Ireland komweko m'caka ca 1752, pamene anthu awiri anapikisana kucokera pa chalichi ca ku Buttevant kufikira pa chalichi ca ku Doneraile, kudutsa m'minda, kulumpha mipanda ndi ngalande.

Bwalo limene mitundu iwiriyi iyesanapo mphamvu liri pa Cheltenham, ku Mangalande, patsinde pa phiri. Msonkhano wace ucitika masiku 4 m'mwezi wa March, pamene inu muli kudya mondokwa, ndipo pakhala mipikisano 28. Aairishi zikwi zambiri aoloka nyanja kudzapenya, ena atasunga ndalama caka conse cifukwa ca ulendo umenewu. Mpikisano waukuru ndiwo wa cikho cochedwa Gold Cup, umene unayamba m'caka ca 1924. Mtunda wace uposa pang'ono mailosi 3, mipanda yolumpha ndi 22, ndipo pothera pace pali citunda cimene cithetsa mphamvu akavalo ambiri.

Nkhani imene akuru a maiko awiriwa aikamba kufikira lero ndi ya caka ca 1964. Angelezi anali ndi kavalo wamkuru thupi, dzina lace Mill House, amene anatenga cikho m'caka ca 1963, ndipo ankati palibe womposa. Aairishi anali ndi wao, Arkle, wophunzitsidwa ndi Tom Dreaper pa famu yace, womkwera ali Pat Taaffe. Awiriwa anali atakomana kale mu November 1963 pa bwalo la Newbury. Kumeneko Arkle anaterereka atalumpha mpanda, ndipo Mill House anapambana. Miyezi yonse ya cisanu anthu anatsutsana m'manyuzipepala ndi m'nyumba zomweramo mowa. Tsiku litafika, Mill House anatsogola njira yonse, koma pafupi ndi mathero Arkle anampitirira, nafika patsogolo ndi mtunda wa kutalika kwa akavalo 5. Anatenganso cikhoco m'zaka za 1965 ndi 1966. Anathyoka fupa la phazi mu December 1966, ndipo sanathamangenso. Mafupa ace asungidwa ku Kildare kuti anthu azikaona.

Tsono apa mpamene nkhani ikoma. Mill House, amene Angelezi ankamuimbira m'manja, anabadwira ku Ireland, ndipo womkwera, Willie Robinson, anali Mwairishi. Golden Miller, amene anatenga cikho kasanu motsatana kuyambira 1932 kufikira 1936 m'manja mwa Angelezi, nayenso anabadwira ku Ireland. Powerenga opambana sayang'ana kumene kavalo anabadwira, koma kumene aphunzitsidwa. Motero Mwairishi saluza konse pakamwa: kavalo wace akapambana akondwa, wa Mngelezi akapambana ati, "Nanga unamgula kwa yani?"

Sikuti Aairishi apambana masiku onse. M'caka ca 1989 anabwerera kwao opanda ngakhale mpikisano umodzi, ndipo Angelezi anawaseka kwambiri. Kale anthu ankangowerenga pamtima, koma m'caka ca 2014 anaika cikho capadera, Prestbury Cup, ca dziko limene akavalo ace apambana kambiri. Angelezi anacitenga zaka ziwiri zoyamba. Pambuyo pace zinthu zinatembenuka: m'caka ca 2021 Aairishi anapambana mipikisano 23, Angelezi 5 yokha. Caka cimeneco wokwera amene anaposa onse anali mai, Rachael Blackmore, mwana wa mlimi wa ng'ombe za mkaka wa ku Tipperary, ndipo caka cotsatira anatenga Gold Cup, mkazi woyamba kutero.

Mudzafunsa kuti, dziko laling'ono lingapose bwanji lalikuru lokhala ndi anthu ambiri ndi cuma cambiri? Yankho liri m'nthaka ndi m'manja mwa alimi. Pansi pa cigawo cacikuru ca Ireland pali mwala wa laimu, ndipo msipu womera pamenepo ulimbitsa mafupa a ana a ziweto. Mvula igwa pafupifupi miyezi yonse ndipo cisanu sicifika poopsa, motero msipu suuma monga uuma kwathu m'cirimwe. Koma msipu wokha sukwanira. Alimi ambiri ang'onoang'ono asunga kavalo wamkazi mmodzi kapena awiri pamodzi ndi ng'ombe zao, ndipo samlola kukwerana ndi mphongo iri yonse yopezeka panjira. Asankha mphongo ya mbiri yabwino, alipira, nalembetsa m'buku dzina la mwana, la amace ndi la atate wace, kotero kuti wogula adziwa makolo a nyamayo mibadwo yambiri. Ana akakula ayamba awayesa m'timipikisano ta kumidzi, m'minda ya alimi anzao, ndipo ooneka bwino agulidwa pa mtengo waukuru. Boma lao linathandizanso: kuyambira 1969 kufikira 2008 silinadule msonkho pa ndalama zolipirira mphongo, ndipo mphongo zabwino zinakhala m'dzikomo. Inu amene musiya nkhunzi yonyozeka m'khola nimugulitsa yonenepa kwa opha nyama, ganizani bwino pamenepa. Nkhunzi imene mwasiyayo ndiyo atate wa ng'ombe zanu zonse za mawa.

Pali cinanso cimene mafumu ayenera kumva. M'caka ca 2001 nthenda ya zironda za m'kamwa ndi m'mapazi inagwa pa ng'ombe ndi nkhosa za ku Mangalande, ndipo ziweto zoposa 6,000,000 zinaphedwa. Kavalo sadwala nthenda imeneyi, koma nsapato za anthu ndi matayala a galimoto ziinyamula. Boma la Ireland linapempha anthu ace kuti asapite ku Cheltenham, ndipo eni akavalo anamvera, ngakhale kunali kowawa. Msonkhano wa caka cimeneco unalephereka. M'dziko la Boma la Ireland nthendayo inaoneka m'dera limodzi lokha, ku Louth. Mukamva a Boma aletsa kuyendetsa ng'ombe kucokera dera lina kunka lina, kumbukirani anthu amene anasiya masewera ao okondedwa kuti apulumutse makola.

Tinenenso za juga, pakuti pamene pali akavalo pali kubecha, ndipo masiku ano kubecha kwafika m'midzi mwanu pa lamya za m'manja. Wolandira ndalama za obecha awerengeratu mitengo yace kuti phindu likhale kwa iye, kavalo ali yense apambane. Mnyamata wotaya ndalama ya feteleza pa nyama imene sanaione ndi maso asiya munda wa amace wopanda cakudya. Ngakhale odziwa akavalo anyengeka kawirikawiri.

Umboni wace ndi caka ca 1990. Anthu onse anayembekeza kuti Gold Cup apita kwa Desert Orchid, kavalo woyera wokondedwa ndi Angelezi. Koma ku Wales kunali mlimi wa ng'ombe za mkaka, Sirrell Griffiths, amene anali ndi akavalo 3 okha pa famu yace. Mmodzi wa iwo, Norton's Coin, anthu anamuyesa wacabe, kotero kuti wobecha ndalama imodzi akadalandira 100. Tsikulo mlimiyo anadzuka mbandakuca, nakama ng'ombe zace, nakweza kavalo m'galimoto, nayendetsa yekha kunka ku Cheltenham. Norton's Coin anafika woyamba, Desert Orchid wacitatu, ndipo mlimiyo anabwerera ndi cikho ku famu yace usiku womwewo.