Soldier, msilikali yemwe sadagwirepo mfuti

Woyimba akapatukana ndi gulu lomwe lidamulera, kawirikawiri amathamangira nyimbo zachikondi poti ndizo zimayenda malonda. Malemu Lucius Banda sadatero. Atakulira mu Alleluya Band ya ku Balaka pansi pa mkulu wake Paul Banda, adapita ku South Africa kukajambula chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chomwe chidatuluka m'chaka cha 1994. M'menemo mudali nyimbo ya Mabala, yodandaula poyera za nkhanza za mu ulamuliro wa chipani chimodzi.

Ana omwe timawaphunzitsa m'masekondale lero sangamvetse kulimba mtima komwe kudalipo. Dziko lidali litangovota pa referendamu ya pa 14 June 1993, ndipo mu December chaka chomwecho asilikali adali atalanda zida Apayoniya. Komabe mantha adali asadachoke. Anthu ankayamba acheuka kaye asadatchule dzina la Ngwazi. Nthawi ngati imeneyo, mnyamata wa zaka 24 n'kumayimba za mabala a anthu pa kaseti yomveka m'basi ndi m'golosale momwe!

Padatsatira zimbale monga Cease Fire, kenaka m'chaka cha 1997 adakhazikitsa Zembani Band. Dzina loti Soldier lidamukakamira, chonsecho chida chake chidali mawu basi.

Kunja kudalinso wina wotere. John Lennon, wa gulu la The Beatles la ku Liverpool, atayamba kuyimba payekha adasanduka mdani wa nkhondo ya ku Vietnam. M'chaka cha 1969 iye ndi mkazi wake Yoko Ono adakhala pabedi sabata yathunthu mu hotela ku Amsterdam, n'kumaitana atolankhani kudzamva za mtendere. Chaka chomwecho adabweza mendulo ya ulemu ya MBE kwa Mfumukazi ya ku Britain, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali mbali yomwe dziko lake lidatenga pa nkhondo ya Biafra ku Nigeria. Koma Lennon ankatsutsa nkhondo zakutali ali mpondamatiki. Lucius ankadzudzula anthu omwe adali ndi makiyi a ndende ya Zomba komanso a wailesi ya MBC, ndipo m'nthawi ya Bingu wa Mutharika nyimbo zake zina zidaletsedwadi pa wailesiyo.

Ife a ku Chiradzulu nkhani yokana nkhondo si yachilendo. Mu November 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itapha anthu ku Karonga, Mbusa John Chilembwe wa ku PIM, ku Mbombwe, adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chomwe amphawi akuda akufera nkhondo ya azungu, n'kusiya amasiye opanda owathandiza. Boma lachitsamunda silidamumvere, ndipo pa 23 January 1915 adanyamula zida. Mukafunsa m'kalasi, ana amadziwa za kuukirako ndi nkhope ya pa ndalama; za kalatayo ndi ochepa. Ine ndimaona kuti Lucius adatola pomwe kalatayo idasiyira: kuuza olamulira kuti munthu wosauka akatseka pakamwa, sikuti kwagwa mtendere.

Sikuti Soldier adali mngelo. M'chaka cha 2004 adalowa m'Nyumba ya Malamulo ngati phungu wa UDF wa kumpoto kwa Balaka, ndipo mu 2006 adamangidwa pa mlandu wa satifiketi ya MSCE, zomwe zidabala chimbale cha Cell 51 Maximum. Pambuyo pake adapita ku UTM n'kukhalanso mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera. Pamenepa mpomwe ndimasiyana naye. Woyimba akavala nsalu ya chipani, theka la omvera ake limayamba kumva chipanicho m'malo mwa nyimbo, ngakhale akunena zoona.

Adamwalira ku South Africa pa 30 June 2024 ali ndi zaka 53, patangotha masiku 20 ndege itagwa ku Chikangawa n'kupha Saulos Chilima. Oyimba ambiri otsala timawaona nthawi ya kampeni ali pamwamba pa malole a zipani, kwinaku anyamata, ena a iwo ana asukulu athu, akugendana m'munsi chifukwa cha tisheti.